Gulo Aphunzitsa Mfumu Njiri Chingerezi

Padangokhala, abale anga, kale nyama zikadali ndi mafumu, nduna ndi asilikali awoawo, padali Gulo.

Guloyu adachoka kwawo ali mnyamata n'kukakhala pakhoma la sukulu ya anthu. Sadapitire maphunziro ayi, adapitira nyerere zimene zinkatola nyenyeswa za ana asukulu. Koma khoma limene adasankha lidali la chipinda chophunziriramo Chingerezi, ndiye akakhuta ankagona pawindo n'kumamvera. Zambiri zinkangomudutsa. Zimene zidakanirira m'mutu mwake zidali nsinjiro za chiyankhulo, njira zija zokometsera mawu, chifukwa phunziro limeneli mphunzitsi ankalibwereza chaka ndi chaka mpaka ana kuyamba kusinza.

Sukulu itapoperedwa mankhwala, nyerere zidatha. Gulo adabwerera kwawo, adakwatira Nachisale, n'kubereka ana, woyamba dzina lake Kamchira. Munda adalibe, ntchito adalibe. Chuma chake chonse chidali pakamwa.

Mfumu ya dzikolo idali Njiri. Sadali wankhanza kwenikweni, koma adali ndi nthenda imodzi: sankafuna kuoneka kuti pali chimene sachidziwa. Ankadzitama kuti amamva Chingerezi, chifukwa tsiku lina akufukula chinangwa m'munda wa mzungu, mwini munda adatulukira n'kumufuulira kuti, "Gerauti!" Njiri adati limeneli ndi dzina laulemu, ndipo kuyambira pomwepo adalamula kuti azitchulidwa Mfumu Njiri Gerauti. Nduna yake yaikulu idali Nungu, wosadziwa nthabwala. Asilikali adali anyani. Wopezeka wolakwa pabwalo ankaperekedwa kwa Kabawi, ndipo Kabawi sankabweza.

Tsiku lina masana kudali mowa kwa Kamba. Gulo atamwa zipanda zingapo, mutu wake wobiriwira udayamba kuwala.

"Inu mumaopa Njiri?" adafunsa. "Ine nditakwiya ndikhoza kumukoleka kumchira kwangaku, n'kumuzunguza, n'kumuponya mpaka akagwere kwa amalume ake."

Onse adaseka kupatula Nungu, amene adaika chipanda pansi n'kunyamuka.

M'mawa mwake anyani adali pakhomo pa Gulo.

"Bambo a Kamchira, pakamwa panupa patipha," adalira Nachisale. "Ndiwauza chiyani anawa?"

"Uwauze kuti bambo awo apita kukafunsira ntchito," adayankha Gulo.

Pabwalo adapeza nkhanga zayamba kale nyimbo yotsegulira mlandu. Wotsogolera ankafunsa kuti lero lilime labweretsa yani, anzake n'kumavomera kuti labweretsa mwini wake, ndipo pomaliza zonse pamodzi zinkauza Kabawi kuti asambe m'manja. Kabawi ankaikonda kwambiri nyimboyi.

"Gulo," idatero mfumu, "mchira wako ndi uwo, ine ndili pano. Ndiponye ndikagwere kwa amalume. Ukalephera, Kabawi sadadye chidzukire."

Gulo adayang'ana mfumu, thupi ngati mtondo wogona. Adayang'ana Kabawi. Kenaka adagwa pansi n'kuyamba kuseka, kuseka mpaka kugubuduka.

"Ukuseka yani?" idakalipa mfumu.

"Pepani mfumu, ndikuseka a Nungu. Ine ndinkayesa nduna yaikulu ya Mfumu Gerauti imadziwa haipabole."

"Hai chiyani?" adafunsa Nungu.

"Haipabole, akuluakulu. Ndi nsinjiro ya Chingerezi. Wophunzira akafuna kunena kanthu kakang'ono amakakokomeza mpaka kakagunde mitambo. Akadikira pang'ono amati wadikira mpaka kumera imvi. Akamva njala amati adya ng'ombe ndi nyanga zomwe. Kodi alipo amamukokera ng'ombe pakhomo? Ine ndimangotanthauza kuti mchira wangawu ndi wolimbako pang'ono, basi. Mfumu izi akuzidziwa bwino. Andiitana dala kuti aone ngati bwalo lawo lili ndi ophunzira."

Maso onse adatembenukira kwa Njiri. Njiri adatsokomola.

"Eya. Haipa... imeneyo. Ndidaidziwa ndili kumsana kwa mayi. Nungu, wandichititsa manyazi."

Tsiku lomwelo Gulo adaikidwa kukhala mphunzitsi wa Chingerezi wa bwalo, malipiro ake mbale ya ngumbi zokazinga tsiku lililonse. Kabawi adauluka ndi m'manja mosamba.

Maphunziro adayamba, ndipo mfumu idali wophunzira wachangu. Ikati ili ndi ludzu loti ingamwe mtsinje, anyani n'kuthamanga ndi mitsuko yonse ya m'mudzi, inkawaseka kuti ndi mbuli. Gulo adaiphunzitsanso metafo, kutchula chinthu ndi dzina la chinzake chifukwa chofanana nacho. Mfumu idasangalala, idatcha Nungu tsache. Madzulo idayesa metafo kunyumba, idauza mkazi wake kuti iye ndi nkhokwe yodzaza, ndipo idagona pakhonde.

Koma mbale imodzi ya ngumbi sinkamukwanira Gulo. Posakhalitsa mtsuko wa ngumbi za mfumu udapezeka uli pakati. Nungu adaima pabwalo, maso ali pamimba ya Gulo.

"Ndani wadya ngumbi za mfumu?"

Gulo adaomba m'manja. "Mwayamba kugwira, a Nungu! Mfumu, mwamva? Limenelo ndiye funso la retoliki. Limafunsidwa kuti mawu akome, siliyankhidwa. Woliyankha amangodziulula kuti sadapite kusukulu."

Kamba adali atamuona Gulo akutuluka mumtsuko muja, ndipo adali atayasamula kale kuti anene. Adatseka pakamwa n'kubweza mutu m'chigoba.

Gulo adanenepa, ndipo ndi kunenepako kudabwera kusasamala. Tsiku lina ali khale pakhomo pake, adayamba kusangalatsa Nachisale.

"Iwe Nachisale, udayamba waiyang'anitsitsa nkhope ya Njiri? Ili ngati khasu lolimira pamwala. Njerewere uku ndi uku, mano ngati zikwakwa. Ndikamamuphunzitsa ndimayang'ana pansi kuti ngumbi zingabwerere."

"Tsitsani mawu, bambo a Kamchira!"

Adachedwa. Kuseri kwa nyumba kudali Nungu, ndipo ulendo uno adabwera ndi anyani oti akhale mboni.

Nkhanga zidaimbanso nyimbo ija, kufunsa kuti lilime labweretsa yani, kuvomera kuti labweretsa mwini wake. Pofika pouza Kabawi kuti asambe m'manja, Kabawi adaonetsa kuti wasamba kale, ndipo adabwera ndi kamchere.

Njiri adaponda pansi mwaukali. "Usandiuze za haipabole lero. Ngakhale uchepetse mawuwo motani, chotsala n'choti ndine wonyansa."

"Zoona mfumu, si haipabole," adatero Gulo. "Ndi ayironi."

"Ayi chiyani?"

"Ayironi, nsinjiro yaikulu kuposa zonse. Ndinkaisunga kuti ndidzakuphunzitseni pa nokha, chifukwa ndi ya mafumu. Kumeneko munthu amanena zozondotsa. Mvula ikamunyowetsa mzungu mpaka m'nsapato, amati kunja kwacha bwino bwanji. Mwana akaswa mbale, amamuuza kuti wagwira ntchito yotamandika. Ndiye akaona chinthu chokongola zedi, choti mawu wamba sangachikwanire, amati n'chonyansa. Ine ndikanatani, mfumu? Kukongola kwanuku ndikanakunena ndi mawu omwe timanenera nkhuku?"

Mfumu idasisita njerewere yake imodzi, ikuganiza.

"Ndiye ukati nkhope yanga ndi khasu..."

"Ndiye kuti ndi mwezi."

"Nanga amene amandiuza kuti ndine wokongola?"

Gulo adazyolika. "Mfumu, ine sindifuna kuyambanitsa anthu."

Njiri adatembenuka pang'onopang'ono. "Nungu, nkhope yangayi umaiona bwanji?"

"Mfumu, ndinu okongola ngati dzuwa, monga ndimanenera m'mawa uliwonse."

"M'mawa uliwonse!" idafuula mfumu. "Zaka zonsezi wakhala ukunditukwana ndili maso, ine n'kumakuthokoza!"

Nungu adazulidwa minga ya kumchira n'kupatsidwa ntchito yosesa bwalo. Kabawi adapinda kamchere kake n'kuuluka osatsanzika. Ndipo mfumu idaika lamulo: kuyambira tsikulo, aliyense pabwalo azilankhula ayironi yokhayokha.

Abale, dziko lidakoma. M'mawa nyama zinkagwada n'kumati, "Mwadzuka bwanji, chinyansi chathu?" mfumu n'kumamwetulira. Nkhanga zidasintha nyimbo zotamanda, zidayamba kuimba za mimba ya mfumu, za fungo lake, za chinangwa chakuba. Nyama zambiri zidapeza kuti Chingerezi si chovuta, poti zinkangonena zimene zidasunga mumtima kwa zaka. Ngakhale nkhalamba zosatha kuyenda zinkapempha kunyamulidwa kuti zikapereke moni kwa mfumu.

Ovutika adali anyani. Gulo ankawaphunzitsa perete watsopano. Akati, "Khalani pansi," ankayenera kuimirira. Akati, "Bwerani," ankayenera kuthawa. Wolakwitsa ankalandira chikoti pamaso pa anzake. Adakwapulidwa anyani aja mpaka ayironi idawalowa m'mafupa, moti mkazi wa nyani wina atamuuza mwamuna wake kuti adye, iye adakankha mbale n'kugona ndi njala.

Mvula itayamba, kudafika Dokowe. Dokoweyu ankakhala ku Ulaya, koma chaka chilichonse kukazizira kwawoko ankabwera kuno, choncho ankadziwa Chingerezi cha eni ake, ankadziwanso Chichewa. Nungu adataya tsache n'kukamufotokozera zonse.

"Buluzi kuphunzitsa Chingerezi?" adadabwa Dokowe. "Nditengereni kumeneko. Ndikamaliza kumuyesa, ndimudya ndekha."

Nkhani idamupeza Nachisale kumtondo, ndipo adathamangira kunyumba.

"Bambo a Kamchira, kwabwera mwini Chingerezi. Tithawe."

"Tithawira kuti? Kabawi atiwona tisadafike patali. Iwe tenga ana, ukalowe nawo m'phako la mkuyu uja wa kunja kwa chipata. Ine ndikupeza."

"Mukanena chiyani?"

"Ndikadziwa ndikatsegula pakamwa."

Bwalo lidadzaza. Nkhanga zidaimba nyimbo ija, koma tsopano mozondotsa, kunena kuti lero lilime silidabweretse aliyense, ndipo Kabawi asavutike kusamba. Kabawi adamva tanthauzo lake, adanola milomo.

Mfumu idaimirira kuti ilandire mlendo mwaulemu wonse umene idaphunzira.

"Sitikukufunani kuno, inu a miyendo ngati bango, a khosi ngati payipi. Kubwera kwanu kwatinyansa kwambiri."

Dokowe adayang'ana Nungu, kukamwa kuli yasa. Kenaka adaweramira kwa Gulo n'kulankhula Chingerezi chotulukira m'mphuno, chothamanga ngati madzi. Gulo adatchera khutu. Sadatolepo ngakhale liwu limodzi.

"Akuti chiyani?" idafunsa mfumu.

"Akuti ulendo udali wautali, ndipo mapiko akuwawa."

"Bodza!" adafuula Dokowe m'Chichewa. "Ndangomufunsa dzina lake! Mfumu, kabuluzi aka n'kabodza. Chingerezi sikachidziwa. Ayironi ilipodi, koma sitiilankhula kuyambira m'mawa mpaka madzulo ngati amisala. Kakupusitsani, ndipo dziko lonse likukusekani."

Nungu adamwetulira koyamba chizulidwire minga.

Gulo adapukuta maso ndi mchira. "Mfumu, mwamva nokha. Mwini chiyankhulo, wochokera ku Ulaya, akuti ndine wabodza, akuti Chingerezi sindichidziwa. Chibadwire sindidatamandidwepo chonchi. Zikomo bwana, mwandikweza kwambiri."

Mfumu idaomba m'manja, bwalo lonse n'kutsatira.

"Ayi! Ndikuti ndi wakuba! Ndi kathyali!" adakuwa Dokowe.

"Basi bwana, basi, mundiliza," adatero Gulo.

"Musamupatse ngumbi zina mphunzitsi woipayu!" idalamula mfumu mokondwa, ndipo anyani adathamanga kukatenga mbale yodzaza.

Dokowe adaima ndi mwendo umodzi, adapendeketsa mutu, akuyang'ana mfumu, akuyang'ana anyani. Gulo sadakukonde kuyang'ana kumeneku.

Kenaka Dokowe adalankhula mofatsa, ndi mawu okoma ngati uchi.

"Mfumu, Gulo ndi mphunzitsi woona. Chingerezi chake n'chabwino zedi. Ngumbi za mumtsuko wanu sadazikhudze. Amakukondani ndi mtima wonse, ndipo nkhope yanu amaiona ngati mwezi. Chonde, musamuphe."

Njiri adayamba kumwetulira, kenaka kumwetulirako kudaima pakati. Milomo yake inkagwedera, akutembenuza mawu a mlendo limodzilimodzi monga adaphunzitsidwira. Mphunzitsi woona, ndiye kuti wonama. Ngumbi sadazikhudze, ndiye kuti adazidya. Ngati mwezi, ndiye kuti ngati khasu. Njerewere zake zidafiira.

Gulo adaona kuti msampha wake womwe wamugwira mwendo. Koma adaonanso chinthu china: mfumu idakwiya zenizeni, ndipo wokwiya zenizeni salankhula Chingerezi. Adaika mbale pansi, adayang'ana anyani n'kuwanong'oneza kuti, "Anyamata, lero ndiye mayeso. Mlendo akuonerera. Wolakwitsa, chikoti."

"Mugwireni!" idabangula mfumu.

Anyani adaika manja kumbuyo n'kupatuka, kusiya njira pakati.

Gulo adagwada mwaulemu n'kuyamba kuyenda. Sadathamange, ngakhale miyendo inkamupempha.

"Tsekani chipata!"

Anyani awiri adathamanga n'kuchitsegula mbali zonse.

"Kabawi, mudye! Mudye pompano!"

Kabawi adayang'ana Gulo wonenepa uja akudutsa pansi pake penipeni. Adayang'ana chikoti. Misozi idalengeza, adatsinzina n'kubisa mutu m'phiko.

Dokowe adaona kuti chakudya chikupita. Adatambasula khosi n'kuyamba kumulondola ndi miyendo yake yaitali.

"Eya, mlendo!" idakuwa mfumu. "Musiyeni amujomphe!"

Anyani adamugwera Dokowe ngati mvula. Wina adagwira miyendo, wina mapiko, wina adakhalira mlomo. Nungu yekha ndiye adamvetsa zimene zinkachitika, ndipo adathamangira kuchipata ndi tsache m'manja.

"Thandizani Nungu!" idafuula mfumu.

Anyani adamupinga mwendo Nungu, adagwa chafufumimba.

"Zitsiru inu, ndikunena zoona! Sindikuseka!"

Bwalo lonse lidaphulika ndi phwete, aliyense kuseka mokweza kuti mlendo aone kuti kuno kuli ophunzira.

Pamene Njiri ankakumbukira zoti afuule kuti asamugwire, n'kuti Gulo atagwira kale tsinde la mkuyu. Mfumu idakankha anyani, idathamanga yokha mchira uli m'mwamba, n'kukaima pansi pa mtengowo ikupuma wefuwefu. Gulo adali pamwamba pang'ono chabe, mano a mfumu atatsala pang'ono kumufika.

"Tsika!" idalamula.

"Ndamva mfumu, ayironi yanu yakhwima," adatero Gulo, nakwera mpaka panthambi yoyamba.

Njiri adakukuta mano. Kenaka nzeru idamubwerera. Adapukuta thovu kukamwa, adakhala pansi, n'kulankhula mokoma ngati kholo.

"Chabwino, mwana wanga. Kwera. Kwera ndithu."

"Aa, mwabwerera ku Chichewa?" adafunsa Gulo. "Ndine kapolo wanu, mfumu. Ndingakane bwanji lamulo lomveka chonchi?"

Ndipo adakwera, adakwera, mpaka kukalowa m'phako mmene Nachisale ndi ana ankamudikira.

Madzulo omwewo mfumu idaletsa ayironi m'dziko lonse, koma poti idalengeza ndi pakamwa, nyama zidamva kuti iwonjezedwe, ndipo m'mawa mwake matukwano adachita kunyanya. Padapita dzinja lonse kuti anyani ayambenso kubwera akaitanidwa. Dokowe adachoka nthenga zili nyankhalala, ndipo mpaka lero akabwera kuno salankhula ndi munthu, amangogogoda mlomo.

Gulo naye adasiya uphunzitsi. Mukamupeza pamtengo n'kumufunsa kanthu, kaya m'Chichewa kaya m'Chingerezi, amangogwedeza mutu ngati wavomera, kenaka n'kuzembera kuseri kwa tsinde.

Yathera pomwepa nthano yanga. Amene mudakwirira mbatata paphulusa, kaphuleni, yayamba kununkha.